Wosesa Amene Anatsegulira Njira Mankhwala a ku Tsangano

Ngati munalephera mayeso, ndipo mpaka lero mumapatuka mukaona anzanu a kusukulu akubwera kutsogolo kwanu, khalani pansi pang'ono mumve za Lukia Sidiki wa ku Lizulu.

Tsiku limene Lukia saliiwala ndi Lachisanu lina mu Febuluwale 1990. Mvula inali itagwa m'mawa wonse, msika wa Lizulu uli matope okhaokha. Basi yochokera ku Lilongwe itaima, Lukia anathamanga pamodzi ndi amayi ena ogulitsa, beseni la mbatatesi lili pamutu. Atatsala pang'ono kufika pawindo, anaterereka n'kugwa chagada. Beseni linagubuduka, mbatatesi zonse n'kumwazikira pansi pa basi.

Anthu anaseka, koma kusekako sikunamupweteke kwenikweni. Pawindo panali nkhope imene ankaidziwa bwino. Anali Edna, mnzake amene ankakhala naye benchi imodzi ku sekondale, atatchena, akupita ku Blantyre kukaphunzira unamwino. Edna anamuyang'ana kamodzi, n'kutembenuzira nkhope kwina. Basi inanyamuka, matayala n'kupondaponda mbatatesi zija.

Lukia anali ndi zaka makumi awiri. Mayeso a Fomu 2 anali atalephera kawiri. Chaka chimene analephera kachiwiri ndi chomwe bambo ake anamwalira. Kagolosale kawo ka m'mbali mwa msewu anatenga achibale a bambo, iye ndi mayi ake n'kutsala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa mzikiti.

Anafika kunyumba matope ali mpaka m'tsitsi.

"Amayi, aphunzitsi aja ankanena zoona," anatero akulira. "Ine mutu wanga ndi wouma. Palibe chimene ndingachite n'kuyenda bwino."

Mayi ake, mayi Aziza, anamulandira beseni n'kuyamba kusankha mbatatesi zimene zinapulumuka.

"Aphunzitsiwo anakuona zaka zitatu," anayankha. "Ine ndakuona zaka makumi awiri. Kasambe, mawa kuli msika."

Masiku amenewo dera la Ntcheu linali lodzaza ndi anthu othawa nkhondo ku Mozambique. Bungwe lina lothandiza anthuwa linali ndi ofesi pa boma, ndipo linkafuna munthu wosesa. Lukia atamva, anakwera lole ya kabichi n'kukaima pamzere. Anamulemba. Anakakhala kwa azakhali ake pa boma, ndipo m'mawa uliwonse sikisi koloko isanakwane ankakhala atagwira kale tsache.

Mu ofesimo munali kachipinda kena kakang'ono komwe fani inkazungulira tsiku lonse. Mmenemo munali kompyuta yaikulu imene ankaitcha seva. Makompyuta asanu ndi imodzi a m'maofesi onse ankalumikizika kwa iyo ndi mawaya, ndipo iyo inkalankhulana ndi likulu la bungwe ku Blantyre kudzera pa lamya imodzi yokha. Mayina a othawa kwawo, mapempho a chimanga, mapempho a mankhwala, zonse zinkadutsa pa lamya imeneyo.

Woyang'anira makinawa anali bambo Dyton Ngozo, mkulu wa imvi amene anagwira ntchito zaka zambiri yokwera mitengo ya lamya. Anali wosachedwa kupsa mtima, koma wopanda nkhanza. M'mawa uliwonse Lukia akamakolopa, ankawaona akulemba liwu limodzi lomwelo pa kompyuta yaikulu ija, ndipo pagalasi lakuda pankatuluka mizere ya manambala obiriwira.

Tsiku lina, asanadzigwire, mawu anangomupulumuka.

"Bambo, lero mizere ilipo isanu. Dzulo ndi dzana inalipo isanu ndi umodzi."

Bambo Ngozo anatembenuka, magalasi ali pamphuno.

"Iwe umawerenga zimenezi?"

"Sindidziwa tanthauzo lake, bambo. Ndimangoona."

Anawerenga okha, n'kupeza kuti mzere umodzi wasowadi. Anatsata waya mpaka kuseri kwa kabati ina, ndipo anapeza makoswe ataudula. Atabwerako anamuyang'ana Lukia nthawi yaitali.

"Sukulu unalekeza pati?"

"Ndinalephera Fomu 2. Kawiri."

"Sindinafunse zimenezo. Mawa ukamaliza kukolopa usachoke."

Makompyuta a nthawi imeneyo analibe zithunzi zoti munthu azingodina. Unkalemba lamulo ndi zala zako, makina n'kukuyankha ndi mawu ndi manambala. Lamulo loyamba limene bambo Ngozo anamuphunzitsa linali liwu lawo lija la m'mawa: netstat. Anamuuza kuti mzere uliwonse umene ukutuluka ndi makina awiri amene akulankhulana, ndipo nambala ya pambali ikusonyeza kuchuluka kwa zinthu zimene zikudikira kutumizidwa. Anamusonyezanso kalembedwe kena ka lamulo lomwelo, kamene kamaonetsa zonse zimene zadutsa pa lamya. Ukalemba tsopano, n'kudikira mphindi imodzi, n'kulembanso, kusiyana kwa manambala awiriwo kumakuuza ngati lamya ili yopepuka kapena yolemedwa.

"Lamya yathuyi ndi yopapatiza ngati mlatho wa mitengo," anatero bambo Ngozo. "Anthu oyenda pansi amadutsa bwinobwino. Koma wina akalowetsapo ngolo, onse aima. Ntchito yako ndi kudziwa amene ali pamlathopo. Uziona, uzilemba, koma usakhudze kanthu."

Musaganize kuti zinayenda mophweka. Zala za Lukia zinazolowera kusankha mbatatesi, ndipo zinkagunda mabatani awiri nthawi imodzi. Chingerezi chinkamuvuta. Anajambula mabatani onse pa katoni ya sopo, ndipo nthawi ya nkhomaliro anzake akamacheza pansi pa mtengo, iye ankakhala pakhonde n'kumagogoda katoniyo mpaka zala zitaloweza malo a chilembo chilichonse. Anagula kope la sukulu. M'mawa, masana ndi poweruka ankalemba lamulo lija n'kukopera zimene waona: mizere ingati, yochokera kuti, zadutsa zochuluka bwanji.

Tsiku lina analakwitsa chilembo, kompyuta yaikulu n'kungoti zii, ofesi yonse n'kukhala osagwira ntchito mpaka masana. Bambo Ngozo anamukalipira anthu akumva. A Gibson, mlembi wosunga kaundula wa mayina a othawa kwawo, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ndiye injiniya wa tsache ameneyu!" anatero, ndipo dzinalo linamumatirira.

Lukia anakalira kuseri kwa thanki ya madzi. Anaganiza zosiya, azingosesa basi monga anamulembera. Koma m'mawa mwake atamaliza kukolopa, miyendo inakana kutuluka m'kachipinda kaja. Anatsegula kope lake n'kulemba tsiku. Bambo Ngozo atalowa anangomukankhira mpando.

Lukia anachita zimenezo chaka ndi theka. Kope loyamba linadzaza, lachiwiri n'kudzazanso. Anafika poidziwa lamya ija ngati mmene mayi amadziwira kupuma kwa mwana wake: Lolemba m'mawa imalemedwa, Lachitatu masana imapepuka, mvula ikagwa ndi ziphaliwali imaduka n'kulumikizikanso yokha.

Kenako inafika sabata yovuta, mu Januwale 1993.

Lolemba, bambo Ngozo anagwa pa njinga yamoto mumsewu wa ku Tsangano n'kuthyoka mwendo. Anawatengera kuchipatala ku Lilongwe. Lachitatu m'mawa, a Silvester, namwino wa pa msasa wa othawa kwawo kufupi ndi Tsangano, analankhula pa wailesi yolumikizirana ndi ofesi. Kolera inali itabuka. Anthu atatu anali atamwalira kale, oposa makumi anayi ali gone, ndipo madiripi otsala sakanafika mawa.

Mkulu wa ofesi, mayi Zelesi Maseko, analemba pempho la mankhwala nthawi yomweyo n'kulitumiza pa kompyuta. Naini koloko inakwana, pempho silinapite. Teni koloko, lili pomwepo. Popeza lamya yawo inali yolumikizidwa ku kompyuta, anathamangira ku ofesi ina yoyandikana nawo kukaimba foni ku Blantyre. Wosunga mankhwala kumeneko anawayankha kuti lole inyamuka thu koloko, ina idzanyamuka sabata ya mawa, ndipo iye sangatulutse katundu wochuluka chotero popanda pempho lolembedwa la mankhwala onse ndi milingo yake. Galimoto imodzi yokha ya ofesi inali ku Tsangano ikututa odwala.

Leveni koloko, ogwira ntchito onse anali ataunjikana pakhomo pa kachipinda kaja, akuyang'ana makina amene palibe mmodzi wa iwo ankawamvetsa.

"Lamya yafa," wina anatero.

"Siinafe," anatero a Gibson. "Timagetsi tikuphethira. Pali wina amene akutumiza zinthu zake. Ndani amalowa muno m'mawa tonse tisanabwere?"

Masiku amenewo makalata opanda mayina onena za zipani zambiri ankayenda mobisa, ndipo ofesi iliyonse yokhala ndi makina otumizira uthenga kutali inkayang'aniridwa. Munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha mphekesera chabe, abale ake osadziwa kumene wapita. Lukia anali ataima kumbuyo ndi ndowa m'manja. Maso onse anali pa iye.

Akanatha kungokana n'kukhala chete. Koma anaganiza za anthu aja ogona pamphasa ku Tsangano, ndipo anaika ndowa pansi.

"Mayi," anatero kwa mayi Maseko, "ndiloleni ndione."

"Iwe ungathe?"

"Kuona ndingathe."

Anakhala pampando wa bambo Ngozo. Ulendo woyamba analakwitsa kalembedwe. Wina kumbuyo anatsonya. Anapukuta manja pachitenje n'kulembanso. Mizere inatuluka. Anatsegula kope lake n'kuyerekeza. Kenako analemba lamulo loonetsa zodutsa pa lamya, anayang'ana wotchi ya pakhoma mpaka mphindi itatha, n'kulembanso.

"Lamya siinafe, mayi. Yadzaza mpaka pakamwa. Lachitatu nthawi ngati ino zimadutsa zochepa, koma taonani apa. Ndiye onani mzere uwu. Ukuchokera pa kompyuta nambala folo kupita ku Blantyre. Unayamba Lolemba masana, ndinaulemba apa. Dzulo m'mawa unaduka mvula itagwa, n'kuyambiranso. Dzulo madzulo unadukanso, n'kuyambiranso. Ndinaona, koma ndinalibe womuuza. Pempho lanu la mankhwala ndi ili pansipa, likudikira kumbuyo kwake."

"Nambala folo ndi ya ndani?" anafunsa mayi Maseko.

Onse ankadziwa.

"Ndi yanga," anatero a Gibson motsitsa mawu. "Ku likulu anapempha kaundula yense. Ndinamutumiza Lolemba. Ndimayesa anapita kalekale."

Anali mayina zikwi makumi anayi. Bambo Ngozo ankatumiza kaundulayo Loweruka, pang'onopang'ono, m'zigawo zing'onozing'ono. A Gibson sankadziwa zimenezo. Anamutumiza yense nthawi imodzi, ndipo lamya ikaduka, makina ankayambiranso pa dzina loyamba. Panalibe kalata yobisika, panalibe wandale. Kunali kulakwitsa kwa munthu wofuna kugwira ntchito yake.

"Tiyimitse kaundulayo, pempho lidutse," anatero Lukia.

"Ayi!" A Gibson anaima pakhomo. "Mukaimitsa pakati, mayina akafufutika? Anthu zikwi makumi anayi alandira bwanji chimanga? Mayi, musalole wosesa ationongere ntchito ya zaka zitatu."

Mantha awo anali enieni, ndipo Lukia anawamvetsa.

"Bambo Gibson, mayina sachoka m'kompyuta yanu. Chimene chikupita ku Blantyre ndi chokopera chabe. Chiime ndi kutumiza kokha. Ndawaonapo bambo Ngozo akuchita kawiri."

Mayi Maseko anayang'ana wotchi. Inali itadutsa hafu leveni.

"Lukia, ukutsimikiza?"

"Zambiri sindizidziwa, mayi. Koma mizere iyi ndaiyang'ana katatu pa tsiku kwa chaka ndi theka. Bambo Ngozo anandiletsa kukhudza kanthu. Mukandilola inu, ndikhudza."

"Chita. Zikavuta, mlandu ndi wanga."

A Gibson anapatuka pang'onopang'ono. Lukia analowa mu ofesi yawo, anapuma kamodzi, n'kudina mabatani awiri pamodzi. Kenako anathamangira kukachipinda kaja n'kulemba lamulo lake. Mzere wa nambala folo unali utachoka. Nambala ya pambali pa pempho la mankhwala inayamba kutsika. Analembanso, yatsika. Analembanso kachitatu, anthu onse atagwira mpweya, ndipo panatuluka ziro.

"Lapita," anatero.

Palibe anasuntha. Anadikira mphindi khumi zimene zinatalika ngati tsiku lathunthu. Kenako pa kompyuta ya mayi Maseko panafika yankho lalifupi lochokera ku Blantyre: pempho lalandiridwa, lole ikupakira.

Mayi Maseko, mzimayi amene palibe anamuonapo akuseka pantchito, anangokhala pansi pa simenti n'kuyamba kuseka misozi ikutsika. Mayi wophika tiyi analulutira. Wina anathamangira ku wailesi kukauza a Silvester, ndipo mawu awo anamveka mpaka pakhonde: "Ambuye alemekezeke! Tipirira mpaka mawa."

A Gibson anali atabwerera ku ofesi yawo. Anatsegula kaundula n'kuyenda naye kuchokera pa dzina loyamba mpaka lomaliza. Onse analipo. Anatuluka thukuta lili kamukamu, n'kukaima pamaso pa Lukia anthu onse akuona.

"Abiti Sidiki," anatero, akumutchula mwaulemu monga amatchulira mwana wamkazi kwawo kwa Lukia, "ndinakunamizirani chinthu choopsa. Chikanakutengerani kutali. Mundikhululukire."

Lukia anagwedeza mutu povomera. Mayi wophika tiyi uja anamukhazika pansi n'kumupatsa madzi.

Lole inafika ku Tsangano Lachinayi m'mawa, itakankhidwa kawiri m'matope. Loweruka, Lukia ndi a Gibson anakhala pamodzi n'kutumiza kaundula uja m'zigawo makumi awiri, iye akuyang'ana lamya, iwo akutumiza. Pofika masana zonse zinali zitapita.

Bambo Ngozo anabwerako patatha milungu isanu ndi umodzi, akuyendera ndodo. Anamva nkhani yonse, anawerenga kope la sabata ija tsamba ndi tsamba, kenako anapita mu ofesi ya mayi Maseko.

"Mwendo uwu sudzakweranso njinga," anatero. "Mundipatse wondithandiza. Musavutike kulengeza ntchito, munthu ali kale pano. Mupeze wina wosesa."

Bungwe linamutumiza Lukia ku Blantyre kukaphunzira miyezi itatu. M'kalasimo anali mkazi yekha, ndiponso yekhayo wopanda satifiketi. Atabwerako analembetsanso mayeso a Fomu 2 ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, atakhala pakati pa ana aang'ono kwa iye, ndipo anakhoza. Patapita zaka ziwiri anakhozanso a Fomu 4.

Koma iye akamakamba za moyo wake satchula kwambiri masatifiketi. Amatchula tsiku limene anapita koyamba ku msasa wa ku Tsangano kukaika kompyuta pa kachipatala. A Silvester anamutengera kwa mzimayi wina wa ku Mozambique amene ankachapa pafupi ndi mjigo, mwana wake wamkazi akusewera pambali.

"Awiriwa anali pamphasa sabata ija," anatero a Silvester. Kenako anauza mzimayiyo kuti, "Mayi, diripi imene munalandira ija, anaitsegulira njira ndi awa."

Mzimayiyo sankadziwa kuti seva n'chiyani, ndipo sanafunse. Anapukuta thovu pachitenje, anagwira dzanja la Lukia ndi manja ake onse awiri, ndipo sanalisiye kwa nthawi yaitali.

Inu amene mukuwerenga, mwina lero ntchito yanu ndi yonyozeka, ndipo anthu anakupatsani kale dzina lokusekani. Mwina pepala la mayeso linanena kuti simungathe, inu n'kukhulupirira. Lukia sanayambe ndi nzeru zodabwitsa. Anayamba ndi kuyang'anitsitsa chimene chinali patsogolo pake, n'kufunsa, n'kubweranso m'mawa mwake ngakhale atakalipiridwa dzulo lake. Pamene mulipo pali kanthu kamene mungaphunzire, ngakhale kakhale liwu limodzi lokha. Kaphunzireni mpaka mukadziwe kuposa wina aliyense, chifukwa simudziwa tsiku limene moyo wa munthu udzadalira kanthu kameneko. Mtima wanu musautaye. Mawa m'mawa dzukani, mupitenso.